Afghan Hound ndi abale ake aubweya: angakhale bwino kuno ku Zomba?

Nachisale (Matawale):
Moni nonse pagulu pano. Funso langa lipite kwa odziwa agalu. Pali mtundu uja wa miyendo itaitali, mphuno yosongoka, ubweya wolendewera ngati wavala meshi, umene amati Afghan Hound. Kodi munthu angamuwete kuno ku Zomba osamuzunza? Ndikufuna zenizeni: ntchito yake pa sabata, mpanda, chakudya, matenda. Zoti ndi wokongola ndaona kale pa zithunzi.

Ambewe (Old Naisi):
Zikomo mayi. Tiyambe ndi chimene galuyu ali, chifukwa ubweyawo umanamiza anthu. Pansi pa ubweya pali galu wa uzimba: wowonda, wa chidali chakuya, mimba yolowa m'kati, ngati aja amatsogola anyamata akamapita kosaka akalulu kumudzi. Agalu ambiri amasaka ndi mphuno, uyu amasaka ndi maso. Kanthu kakangothamanga patali iye wanyamuka kale, ndipo akatero makutu amagontha.

Kwawo ndi kumapiri a ku Afghanistan, kumene amamutcha Tazi. Ku Britain anayamba kumuweta mwadongosolo m'zaka za m'ma 1920. Wamphongo amatalika masentimita 68 mpaka 74 mukayeza paphewa, wamkazi 63 mpaka 69, koma kulemera kwake ndi makilogalamu 23 mpaka 27 basi. Akasamalidwa amafika zaka 12 mpaka 14. Abale ake aubweya ndi Borzoi wa ku Russia, wamkulu kwambiri, amene ankasakira mimbulu ndipo wamphongo amatha kupitirira makilogalamu 40, komanso Saluki wa kumayiko a Aluya, amene ubweya wautali uli m'makutu, kumchira ndi kuseri kwa miyendo kokha.

Achimwene a pa Chinamwali:
Galu wa makilogalamu 25 okha? Ndiye akuba azichita kumuseka. Amauwa koma?

Ambewe (Old Naisi):
Amauwa mwa apo ndi apo. Wofuna mlonda asayang'ane kuno. Mlendo akalowa, galuyu amamuyang'ana kamodzi n'kutembenukira kwina, ngati mphaka. Sapupuluma kunyambita anthu, ngakhale eni ake amawakonda mwakachetechete. Amafuna pogona pofewa chifukwa mafupa ake alibe mnofu wambiri wowateteza. Pa simenti zigongono zimachita zipsera. Mukapanda kumupatsa matiresi ake, mudzamupeza pa sofa.

Anaphiri (Kalimbuka):
Ine ndilankhule za ubweya, poti ndi pamene ambiri amagonjera. Ubweya wa Afghan ndi wosalala ngati tsitsi la munthu, wopyapyala, ndipo umaduka msanga. Lamulo loyamba: osapesa ubweya wouma kapena wakuda. Fumbi la katondo likalowamo limakhala ngati mchenga, bulashi ikadutsa ubweya umathothoka. Choncho ntchito yeniyeni ndi kusambitsa, kamodzi pa sabata, ikachedwa kwambiri masiku 10 mpaka 14.

Zida zake: bulashi ya mano a waya opanda timitu kunsonga, chipeso chachitsulo cha mano otalikirana mbali ina ndi othinana mbali ina, botolo lopopera, shampu ya agalu, kondishona, matawulo awiri kapena atatu, ndi draya ya tsitsi. M'botolo lopopera muikemo madzi theka la lita ndi supuni imodzi yaikulu ya kondishona.

Musanamuthire madzi, fufuzani mfundo. Malo ake ndi omweomwewo nthawi zonse: kuseri kwa makutu, m'khwapa, pakati pa miyendo yakumbuyo, pakati pa zala, ndi pamene pamadutsa kolala. Poperani pa mfundoyo, imasuleni ndi zala pang'onopang'ono kuyambira kunsonga kubwerera kukhungu. Mfundo ikanyowa isanamasulidwe imalimba ngati diredi. Shampu musungunule kaye m'jagi, gawo limodzi ku magawo asanu kapena kuposerapo a madzi ofunda, kenako muzithira kuchokera pamsana kutsikira pansi, mukufinya ndi manja motsatira ubweya. Osatikita mozungulira ngati mukuchapa bulangete, kumeneko ndiye kupanga mfundo zatsopano. Tsukuluzani mpaka madzi ayere mbee. Kondishona akhale mphindi zisanu. Pampopi pakakhala pouma, konzani ndowa zitatu za malita 20. Ziwiri zimakutherani thovu lisanathe, ndipo thovu lotsala ndilo limayabwitsa.

Tawulo ndi lofinyira, osati lopukutira. Poumitsa mugoneke cham'mbali patebulo, yambani kumapazi, kwezani ubweya wapamwamba ndi dzanja limodzi, muziumitsa ndi kupesa mzere umodziumodzi mpaka muone khungu. Draya ikhale yofunda, osati yotentha; iyeseni pa mkono wanu. Pomaliza dutsitsani chipeso chachitsulo paliponse. Chikakodwa, pamenepo simunamalize. Zonse pamodzi ndi maola awiri kapena atatu.

Nachisale (Matawale):
Maola atatu sabata iliyonse! Nanga magetsi akazima muli pakati?

Anaphiri (Kalimbuka):
N'chifukwa chake muyambe m'mawa, cha m'ma 8, kuti tsiku likhale patsogolo panu. Magetsi akathawa pitirizani pakhonde pamene pakudutsa mphepo, mukupesa mzere ndi mzere mpaka aume. Chosayenera ndi kumusiya agone ali wonyowa m'kati. Pamwamba amaoneka wouma, kukhungu kuli chinyezi, ndipo kuno kumunsi kwa phiri mu Januwale ndi Febuluwale chinyezicho sichichoka chokha. Pakapita masiku awiri mumva kafungo, mukatsegula mupeza chilonda chofiira chonyowa kukula ngati chivundikiro cha botolo, ndipo chimakula mwachangu chifukwa amachinyambita.

Ndiwonjezepo za msinkhu wovuta. Mwana wa Afghan amakhala ndi ubweya waufupi wofewa, amanyenga kuti ntchito ndi yochepa. Kuyambira miyezi 9 kufikira cha m'ma 18 ubweya wa ubwana umathothoka pamene wa ukulu ukumera, awiriwo n'kumapiringizana. Nthawi imeneyo mfundo zimabadwa usiku umodzi, kupesa ndi tsiku ndi tsiku. Pamsana pamatsala ubweya waufupi wothina, ngati chishalo. Ndi chibadwa chake, si matenda.

Achimwene a pa Chinamwali:
Achemwali, bwanji osangomumeta? Makina ometera ali mbwee pamsika. Kutentha kwa mu Okutobala munthu n'kumasunga galu wovala jekete, ndiye chilungamo chimenecho?

Anaphiri (Kalimbuka):
Kumeta sindikukana, ubweya wa Afghan umameranso. Koma kumeta kwake kukhale kosiya masentimita 2 kapena 3, osati mpala. Khungu lake ndi lopyapyala, dzuwa limaliwotcha, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chikabwera amanjenjemera chifukwa alibe mafuta m'thupi. Makina a kubabashopu amatentha msanga ndipo amakodwa mu ubweya wotere. Muzigwira mpeni wake ndi chala mphindi zingapo zilizonse. Ndipo mfundo musaidule chopingasa ndi sizasi. Khungu la kuseri kwa khutu limakokekera m'kati mwa mfundo, mumadula khungu mukuganiza kuti ndi ubweya. Lowetsani chipeso pakati pa khungu ndi mfundo, ndiye mudule chotsika motsatira ubweya, muigawe tizidutswa.

Komabe ndinene maganizo anga: wogula Afghan kuti azimumeta chaka chonse wagula galu wolakwika. Akanangotenga Saluki.

Avetenale:
Pamenepo tisiyana pang'ono, mayi. Kwa galu wapakhomo wosapita ku chionetsero, ine ndingalimbikitse kumeta kumayambiriro kwa Seputembala, ndi kumetanso mimba, m'khwapa ndi mapazi mvula ikayamba. Chifukwa changa si kutentha kokha. Ubweya wautali umabisa zinthu zimene kuno zimapha agalu.

Choyamba nkhupakupa. Pa galu wachikuda mumaziona muli chiimire. Pa Afghan muyenera kuzifufuza ndi zala: m'kati mwa makutu, pakati pa zala, pakhosi, pansi pa mchira. Zimafalitsa matenda awiri amene timakumana nawo kawirikawiri. A Babesia amaphwanya magazi: galu amatentha thupi, amakana kudya, nkhama zimayera kapena kuchita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. A Ehrlichia amabwera mozemba: kuwonda, kufooka, nthawi zina kamfuno, mankhwala ake ndi doxycycline kwa masiku 28, osalekeza panjira galu akayamba kudya. Kwezani mlomo wa galu wanu kamodzi pa sabata kuti mudziwe mtundu wa nkhama zake ali bwino. Kutentha kwa thupi koyenera ndi madigiri 38 mpaka 39.2.

Tsono mvetsetsani apa. Jakisoni wa Babesia amene amapezeka kwambiri, diminazene, uja ambiri amamudziwa kuti Berenil, salola kuphonya muyezo. Mukapitiriza pang'ono, kapena kubwereza pasanapite nthawi, amawononga ubongo ndipo galu amafa. Afghan waubweya amaoneka ngati wa makilogalamu 35 pomwe ali ndi 24. Wobaya mongoyerekeza ndi maso amamupha. Muyezeni pa sikelo nthawi zonse: kwerani naye mutamunyamula, kenako kwerani nokha, chotserani. Ngakhale sikelo yopachika yoyezera chimanga imagwira ntchito mutamukoleka pa chitenje cholimba.

Zotetezera, pa galu wosambitsidwa sabata ndi sabata mapiritsi ndiwo abwino kuposa mankhwala odontheza pakhosi, poti madzi sawachotsa. NexGard ndi Simparica ndi a mwezi ndi mwezi, Bravecto ndi wa masabata 12. Dibi ya ng'ombe yosungunula mongoganizira ayi.

Nangozo (Mulunguzi):
Musaiwale mphutsi, adokotala. Nyengo ya mvula ndiye mwini wake.

Avetenale:
Ndimabwera komweko. Ntchentche yake siikira pa galu. Imaikira mazira pa dothi la pamthunzi pamene pali mkodzo kapena chimbudzi, ndi pa nsalu zonyowa zoyanikidwa. Timphutsi tikaswa timaboola khungu la galu wogona pamenepo, n'kukula m'katimo kwa masiku 8 mpaka 12. Mumamva kachotupa kolimba ngati nyemba, kali ndi kabowo pakati. Pa galu waubweya tizotupa timatha kufika makumi musanadziwe, makamaka kumimba, m'miyendo ndi kumchira. Metani mozungulira, pakani Vaseline pakabowo kuti isowe mpweya, dikirani mphindi zingapo, finyani kuchokera pansi mbali zonse ziwiri kuti ituluke yathunthu. Ikaphulikira m'kati pamachita mafinya. Yaing'ono kwambiri musaikakamize, idikireni tsiku limodzi kapena awiri. Kupewa kwake: asagone padothi, chimbudzi chake chiziwoledwa tsiku lililonse, ndipo zogonera zake zisitidwe monga timasitira zovala za ana.

Chomaliza kwa ine pakadali pano, ndipo chilembeni pa khadi lake la katemera: agalu a mtundu uwu sagwirizana ndi mankhwala ena ogonetsa, makamaka thiopental. Alibe mafuta oti mankhwalawo akabisalemo, ndiye amachedwa kudzuka ndipo thupi limazizira msanga ali mtulo. Musanamupereke ku opaleshoni iliyonse, ngakhale yofula, funsani kuti agwiritsa ntchito mankhwala ati.

Nangozo (Mulunguzi):
Ine ndionjeze za kutchire, poti ambiri akaona galu wotere amaganiza zokwera naye kuphiri. Kumtunda kuja nyengo imamukomera, ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi kumazizira bwino. Koma chisoso chikakhwima, kuyambira cha mu Epulo, galu wa ubweya wolendewera akadutsa m'mbali mwa njira mphindi khumi amatuluka miyendo ili bii ndi njere. Kuzichotsa ndi kupopera kondishona ndi kuzitsetsereza ndi chipeso, ola lathunthu. Njere za udzu zosongoka ndizo zoipa kuposa, zimaboola pakati pa zala n'kuyenda m'kati mwa mnofu. Chitedze chikamatira mu ubweya chimayabwa galu ndi womupesa yemwe. Linthumbu nalo likakwera m'miyendo yaubweya simulichotsa msanga.

Njira yake ndi yophweka. Dulani miyendo ya malegini akale a kaunjika mumuveke m'miyendo inayi popita koyenda. Anthu aseka, asiyeni. Za makutu, telala aliyense atha kusoka kathumba kotsegula mbali zonse, kotalika masentimita 25 mpaka 30, ka lasitiki kumapeto onse awiri. Amavala kumutu pakudya kuti makutu asalowe m'mbale. Popanda iko amatafuna nsonga za ubweya wa makutu ake omwe pamodzi ndi chakudya.

Ambewe (Old Naisi):
Zonsezi ndi zoona, koma ndibwerere ku miyendo, chifukwa ubweya umatopetsa mwini pomwe miyendo ndiyo imaphetsa galu. Amathamanga pafupifupi makilomita 60 pa ola. Werengani nokha: mamita 100 m'masekondi 6 kapena 7. Mukamati mutsegule pakamwa kumuitana, iye wafika kale pamsewu wa M3. Ndipo sikuti sanamve dzina lake. Anapangidwa kuti azisankha yekha zochita ali kutali ndi mlenje, kotero pa liwiro mawu anu alibe ntchito.

Kunja kwa mpanda, pachingwe nthawi zonse. Kuphiri makamaka: kuli anyani, ndipo nyani wamphongo ali ndi mano otalika kuposa a galu, amang'amba khungu lopyapyalali kamodzi kokha. Kuli maphompho, kulinso makhwekhwe a waya otchera agwape. Kumunsi kuno kuli nkhuku ndi mbuzi za anthu, njinga za kabaza, ana othamanga pochokera kusukulu. Mbuzi imodzi ikagwa, mlandu mulipira, ndipo mawa lake wina aponya nyama ya tameki kudutsa pampanda.

Kolala wamba imavuka chifukwa mutu wake ndi wowonda kuposa khosi. Akabwerera m'mbuyo mumatsala ndi chingwe m'manja. Imafunika ya malupu awiri imene amati martingale, yotambalala masentimita 4 kapena 5, imene imathina pang'ono akakoka koma osamutsamwitsa. Chingwe chachitali cha mamita 10 musachimange pakhosi. Akafika kumapeto kwake ali pa liwiro khosi limavulala. Chimenecho chimangidwe pa zomangira za pachifuwa. Tcheni chomumangirira pamtengo tsiku lonse ndiye ayi ndithu.

Achimwene a pa Chinamwali:
Ndiye azithamangira kuti, akulu? Poti mwatseka konse.

Ambewe (Old Naisi):
Safuna kuthamanga tsiku lonse. Kuyenda pachingwe mphindi 30 mpaka 45 m'mamawa ndi madzulo, kuphatikiza liwiro lenileni la mphindi zochepa kawiri kapena katatu pa sabata pamalo otchingidwa mbali zonse, basi. Kwatsalako amagona. Pabwalo laling'ono tengani nsungwi ya mamita awiri, mangani chingwe cha mamita awiri kunsonga, kumapeto kwake jumbo yoyera kapena kansanza. Muziyendetsa pansi mozungulira, mukusintha mbali, mphindi zisanu, ndipo pomaliza mulekeni aigwire. Isamauluke m'mwamba, kudumpha mokhota kumathyola zala. Wosakwana chaka asachite zimenezi mwamphamvu, mafupa ake sanakhwime.

Mu Okutobala ndi Novembala zonsezi zichitike dzuwa lisanakwere kapena litapendeka. Akamachita wefuwefu osaleka, lilime litatambalala, dovu lili chuchuchu, akuyenda mopepesuka, muthireni madzi apampopi kumimba ndi pakati pa miyendo, mpaka afike kukhungu, mumuike pa mphepo. Thupi likapitirira madigiri 40 ndi ngozi. Osamufunditsa tawulo lonyowa, limasunga kutentha.

Pophunzitsa, ndodo imamuwononga. Mukamumenya kamodzi amakutalikirani masabata. Tizidutswa ta chiwindi chootcha, mphindi zisanu, musiye asanatope.

Gogo wa ku Sadzi:
Ana inu, nanga chakudya? Poti galu wowonda chotere aneba adzati mukumumana.

Avetenale:
Adzanenadi, agogo, ndipo mwini asamvere. Pa galu wa mtundu uwu mafupa awiri a m'chiuno amaonekera pamwamba ndipo nthiti zimamveka mosavuta mukasisita. Mukamunenepetsa kuti afanane ndi galu wojintcha uja wa Boerboel mwamupweteka miyendo.

Chakudya cha m'matumba, galu wa makilogalamu 25 amadya magalamu 300 mpaka 400 patsiku, kutengera mtundu wake, werengani pathumba. Wophika yekha adziwe kuti nsima ya madeya ndi msuzi sizimeretsa ubweya wotere. Theka la mbale likhale nyama, zam'kati, mazira ophika kapena usipa, theka linalo mgaiwa kapena mpunga ndi maungu kapena masamba ophika. Usipa ndi matemba muziviika kaye kuti mchenga uchoke. Chiwindi chisapitirire kawiri pa sabata. Ngati sakudya mafupa, perani zikamba za mazira zouma, theka la supuni yaing'ono pa theka la kilogalamu ya nyama. Mafupa ophika a nkhuku, anyezi, adyo, chokoleti ndi mphesa ayi. Panado ndi Brufen wa anthu musamupatse.

Mugawe chakudyacho kawiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo asathamange ola limodzi asanadye kapena maola awiri atadya. Agalu a chidali chakuya chifu chawo chimatha kudzaza mpweya n'kupotokola. Zizindikiro: akufuna kusanza koma sikutuluka kanthu, mimba yatupa kuseri kwa nthiti ndipo ikulira ngati ng'oma mukaigogoda, sakukhazikika. Pamenepo ndi opaleshoni m'maola ochepa, palibe mankhwala akumwa. Blantyre ili pa makilomita oposa 60, choncho dziwiranitu kumene mungathamangire usiku ndi galimoto imene ingakunyamuleni.

Katemera: pa masabata 6 mpaka 8, kubwereza pa 10 mpaka 12, ndi kumaliza pa 14 mpaka 16, asanamalize asaponde pamsewu chifukwa parvo, nthenda yosanzitsa ndi kutsegula m'mimba ana agalu, ili ponseponse. Wa chiwewe pa miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka; a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu mwaulere kuno ku Zomba, koma khadi lake muzisunga nokha. Mankhwala a njoka zam'mimba miyezi itatu iliyonse.

Nangozo (Mulunguzi):
Kanthu kongodutsa: galu woyamba padziko lonse kupangidwa ndi asayansi kuchokera ku khungu la galu mnzake anali Afghan, dzina lake Snuppy, ku Seoul mu 2005.

Anaphiri (Kalimbuka):
Nayenso ankafuna kupesedwa ameneyo.

Nachisale (Matawale):
Mwandithandiza kwambiri. Nanga amapezeka bwanji? Ndipo pa atatu aja, Afghan, Borzoi ndi Saluki, woyenera kuno ndi uti?

Ambewe (Old Naisi):
Oweta odalirika apafupi ali ku South Africa, ndipo ana awo amakhala olembetsedwa ku KUSA, bungwe losunga kaundula wa mitundu ya agalu kumeneko. Kuti alowe m'dziko muno pamafunika chilolezo cha dipatimenti yoona za umoyo wa ziweto, chikalata cha dokotala wa kumene akuchokera ndi umboni wa katemera wa chiwewe. Chilolezo chiyambe, galu pambuyo. Wogulitsa wa pa Facebook wofuna ndalama musanaone mwanayo ndi mayi wake pa vidiyo ya pompopompo, musiyeni. Funsaninso ngati m'banja la galuyo munakhalapo ng'ala, vuto la chiuno, kapena matenda odzaza madzi oyera ngati mkaka m'chifuwa, amene Afghan amawatenga kuposa agalu ambiri.

Pa atatuwo ine ndingasankhe Saluki mosakayika. Ndi wa kotentha, kupesa makutu ndi mchira kawiri pa sabata kwakwana, ndipo nkhupakupa mumaziona. Borzoi ndi wa kozizira, amathothoka ubweya wambiri, kutentha kwa kuno kumamulemera. Koma pa maso ndi miyendo onse atatu ndi amodzi.

Nachisale (Matawale):
Mpanda wa njerwa wa mamita 1.8 ukwana?

Ambewe (Old Naisi):
Ukwana ngati ndi 1.8 paliponse. Yezani kuchokera pa chinthu chachitali chimene chili pafupi ndi khoma, osati kuchokera pansi. Mulu wa mchenga, nkhuni, thanki ya madzi, denga la khola la nkhuku, zonsezo ndi makwerero; zichoke mamita awiri kuchokera kukhoma. Mapuloti ambiri kuno ali pamtsetse, ndiye mbali yakumtunda khoma limafupika m'kati ngakhale kunja likuoneka lalitali. Magalasi oswa pamwamba sangamuletse kudumpha, angomung'amba mimba. Yang'ananinso mpata wa pansi pa geti ndi ngalande yotulutsira madzi a mvula: pamene mutu wake wowondawo walowa, yesani kuti thupi lonse lidutsa.

Anaphiri (Kalimbuka):
Ndi kageti kachiwiri m'kati, mayi, kuti galimoto ikamalowa iye akhale atatsekeredwa kale kuseri. Wotsegula geti aliyense pakhomopo, ngakhale mwana wotumidwa kukagula tomato, adziwe kuti loyamba silitsegulidwa lachiwiri lisanatsekedwe.